Vidiyo ikamadodoma pa pulojekita: momwe mungaikonvetere tsiku la mwambo lisanafike

Anzanga amene mumakhala kuseri kwa laputopu m'matchalitchi, pa maukwati, pa kitchen party ndi pa misonkhano kuno ku Chipata, funso lanu limabwera lofanana nthawi zonse: "Pa foni vidiyo ija ikuyenda bwinobwino, koma tikaiika pa laputopu ya pulojekita ikudodoma, mawu akutsogola milomo ikutsalira. Tikonvetere ku chiyani?" Ndayankha pa foni, ndayankha pa WhatsApp, ndayankha nditaimitsidwa pamsika wa Kapata. Tsopano ndalemba kamodzi, wofunsanso ndizingomutumizira izi.

Palibe codec, njira yopanikizira vidiyo m'fayilo, yoposa zinzake zonse. Yabwino ndi imene makina anu oonetsera angaisenze osatopa, pa sikirini imene mudzagwiritse ntchito tsikulo. Choncho ntchito imayambira pa makinawo, vidiyo imabwera pambuyo.

Tisanayambe, mumvetse chinthu chimodzi. Zilembo za kumapeto kwa dzina la fayilo, MP4, MOV kapena MKV, ndi thumba chabe. Thumba lolembedwa D Compound mungalimasule n'kupezamo mtedza, nyemba kapena makala. Codec ndiye zam'katimo, njira imene zithunzi zinapanikizidwira kuti fayilo ichepe, imenenso kompyuta iyenera kuitsata pozimasula. Mafayilo awiri onse a MP4 angakhale ina ya H.264 ina ya H.265, ndipo laputopu yanu ingaikonde imodzi n'kukana inzake. Kufufuta .mov n'kulembapo .mp4 sikukonveta ayi.

1. Dziwani makina ndi sikirini za tsikulo

Pezani mayankho a mafunso atatu. Vidiyo idzaonetsedwa ndi pulogalamu yanji: VLC, OBS Studio, vMix, ProPresenter, EasyWorship, Resolume, kapena mudzangobaya fulashi kuseri kwa TV? Sikiriniyo ili ndi madontho angati m'lifupi ndi m'litali? Nanga imaphethira kangati pa sekondi, 50 Hz kapena 60 Hz?

Ziwiri zomalizazi mumaziona mutalumikiza pulojekita ku laputopu. Pa Windows pitani ku Settings, System, Display, kenako Advanced display, ndipo musankhe pulojekitayo, osati sikirini ya laputopu. Mapulojekita ambiri akale a m'maholo a mipingo ndi a 1024x768 kapena 1280x800. Kuwapatsa vidiyo ya 4K, imene ili ndi madontho kuwirikiza kanayi ya 1920x1080, n'kutopetsa laputopu pachabe, anthu sadzaona kusiyana kulikonse. Ngati mwachita hayala sikirini ya LED, afunseni eni ake kukula kwake m'madontho, osati m'mamita, ndiponso zimene bokosi lawo loyendetsera sikiriniyo limalandira.

2. Tolerani mafayilo enieni, msanga

Vidiyo yotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi imafika itafinyidwa kale. Auzeni aitumize ngati Document, kapena abwere nayo pa fulashi. Yotsitsidwa pa Facebook nayonso ndi yofinyidwa. Kukonveta sikubweza zimene zinatayika, ndiye ya madontho ochepa idzakhalabe yosaoneka bwino ngakhale mutaikulitsa motani. Ikani tsiku lomaliza lolandira mavidiyo ndipo muwauze a komiti poyera. Sadzalisunga onse, komabe ambiri adzayesetsa.

3. Yang'anani zam'kati mwa fayilo iliyonse

Tsitsani MediaInfo, ndi yaulere ndipo siidya bandulo yambiri. Tsegulani fayilo iliyonse, musinthe kaonekedwe kukhala Text kapena Tree, ndipo mulembe papepala zinthu izi: Format ya vidiyo, Width ndi Height, Frame rate (zithunzi zingati pa sekondi), Frame rate mode, Bit depth (kuchuluka kwa mitundu, 8-bit kapena 10-bit), ndi Sampling rate ya mawu. Pa Format mukaona AVC ndiye H.264, mukaona HEVC ndiye H.265. Mukaona mawu akuti HDR, HLG, PQ kapena Dolby Vision, amene amasonyeza vidiyo ya mitundu yowala kwambiri yofunika kukonzedwa mwapadera pa sitepe 7, ikani chizindikiro pambali pa dzina la fayiloyo. Pepala limeneli musalitaye, masitepe otsatirawa akudalira ilo.

4. Sankhani codec

H.264 inatuluka mu 2003 ndipo pafupifupi chilichonse chimaidziwa, kuyambira laputopu yakale mpaka TV ya m'sitolo. Imachepetsa fayilo mwa kusunga chithunzi chathunthu mwa apo ndi apo, chotchedwa keyframe, ndipo zithunzi zotsatira imangolemba zimene zasintha. Ndiye mukalumpha kupita pakati pa vidiyo, kompyuta imabwerera ku keyframe yapafupi n'kuwerengetsa kuchokera pamenepo. Ma keyframe akatalikirana, mumaona kaima pang'ono kaja poyamba, polumpha, kapena vidiyo ikamabwereza yokha kumbuyo kwa kwaya.

H.265 ya mu 2013 imafinya kwambiri kuposa pamenepo, ndipo kuimasula n'kolemetsa. Mapulosesa a Intel anayamba kuimasula okha mokwanira pa m'badwo wachisanu ndi chimodzi mu 2015, ndipo ya 10-bit pa m'badwo wachisanu ndi chiwiri. Malaputopu ambiri ogula kale kwa ena amene ndimawaona pa miyambo ndi Core i5 ya m'badwo wachitatu kapena wachinayi. Mukaipatsa vidiyo ya iPhone, imene kuyambira 2017 imajambula mu H.265 mukapanda kuisintha, fani imayamba kulira, chithunzi n'kumadumpha. Theka la mafunso amene ndimalandira gwero lake ndi limeneli.

ProRes ya Apple imasunga chithunzi chilichonse chathunthu, choncho kulumpha n'kosavuta, koma fayilo imakula koopsa. ProRes 422 ya 1920x1080 pa zithunzi 25 pa sekondi imadya pafupifupi 55 GB pa ola, ndipo ya LT pafupifupi 38 GB. Ndi yabwino pa Mac, makamaka ndi pulogalamu yoonetsera ya QLab. HAP ndi DXV nazonso zimasunga zithunzi zathunthu, koma ntchito yomasula zimaipereka ku graphics card, chipangizo cha m'kompyuta choyendetsa zithunzi, m'malo mwa pulosesa. N'zothandiza mukamaonetsa mavidiyo angapo nthawi imodzi, ina pamwamba pa inzake, monga amachitira a Resolume. Zimafuna SSD, chosungira mafayilo chofulumira, chifukwa mafayilo ake ndi aakulu, ndipo zimapindulitsa pokhapokha pulogalamu yanu ikudziwa kuzitumiza ku graphics card. Pa VLC simupindula kanthu.

Maganizo anga ndi awa. Pa ukwati, pa maliro, pa msonkhano wa mpingo, pamene vidiyo ikuonetsedwa imodzi imodzi, konvetani ku H.264 ya 8-bit mu MP4, yokhala ndi keyframe sekondi iliyonse. Ngati muli pa Resolume, tengani pulogalamu yawo yaulere ya Alley mukonvete ku DXV. HAP ndi ProRes mungazipange ndi Shutter Encoder, nayonso yaulere. Musatsate HAP chifukwa choti munamva kuti ndi ya akatswiri. Pa hard drive yakale yozungulira ija ingadodome kuposa H.264 imene mumaithawa.

5. Konzani nkhani ya zithunzi pa sekondi

Apa khalani pansi, chifukwa ndi pamene malangizo ambiri amangodutsapo ndi mzere umodzi woti "sinthani zonse zikhale 30". Pali mavuto awiri osiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso.

Vuto loyamba ndi la Frame rate mode. Papepala lanu lija, mafayilo ambiri a pa foni alembedwa Variable. Kutanthauza kuti foni sinasunge liwiro limodzi: kukada kapena ikatentha imachepetsa zithunzi, kukawala imaonjezera. Mavidiyo ojambula sikirini ya foni kapena ya kompyuta ndiye amanyanya. Foniyo imadziwa kuwerenga zimene inalemba yokha, koma mapulogalamu ena oonetsera amangoganiza kuti liwiro ndi limodzi, ndipo mawu ndi milomo zimasiyana pang'onopang'ono. Poyamba zonse zili bwino. Pofika mphindi yachisanu, agogo a mkwati amene anatumiza uthenga kuchokera ku Lundazi akutseka pakamwa mawu akadali kumveka. Mankhwala ake ndi kukonveta ku Constant, ndipo fayilo iliyonse yolembedwa Variable iyenera kudutsa pamenepa, ngakhale ikhale kale ya H.264.

Vuto lachiwiri ndi la masamu. Magetsi a kuno ku Zambia ndi a 50 Hz, ndipo wailesi yakanema ya kuno inatsata PAL, njira ya zithunzi 25 pa sekondi, choncho ojambula ambiri amaika makamera awo pa zithunzi 25 kapena 50 pa sekondi. Mafoni amajambula 30 kapena 60. Malaputopu ambiri amatumiza 60 Hz ku pulojekita. Vidiyo ya 30 pa sikirini ya 60 Hz imayenda myaa, chifukwa chithunzi chilichonse chimaonekera kawiri ndendende. Ya 25 pa 50 Hz chimodzimodzi. Koma 60 kugawa ndi 25 ndi 2.4, ndiye ya 25 pa 60 Hz chithunzi china chimaonekera kawiri, china katatu, kawiri, katatu, kawiri. Munthu akangokhala n'kumalankhula simungazindikire. Koma onetsani amuna akuponda ngoma ku Mtenguleni pa Nc'wala, kamera ikutsata mzere wa zishango kuchokera kumanzere kupita kumanja, mudzaona kanjenjemera.

Tsono chimene ambiri amalakwitsa n'chakuti amafuna kuchiza zimenezi pokonveta 25 kukhala 30, kapena 30 kukhala 25. Kukonveta 30 kupita ku 25 kumataya zithunzi zisanu pa sekondi iliyonse, ndipo phazi la wovina limalumpha malo. Kukonveta 25 kupita ku 30 kumabwereza zithunzi zisanu pa sekondi, ndiye pa 60 Hz zinayi zimaonekera kawirikawiri, chachisanu kanayi. Kumeneko n'kudodoma koonekera kuposa kumene munali nako poyamba, ndipo mwakumatira m'fayilo momwemo, simungakuchotsenso.

Chitani motere. Fayilo iliyonse isunge nambala yake: ya pa foni ya 30 kapena 29.97 ikhale 30 Constant, ya pa kamera ya 25 ikhale 25 Constant. Ya 60 mungaitsitse kukhala 30 ndipo ya 50 kukhala 25 ngati laputopu ikulemedwa, chifukwa kugawa pakati sikuononga kayendedwe. Kenako funsani kuti pa mavidiyo onsewo, ndi iti imene anthu abwerera, kapena imene ili ndi kuyenda kwambiri. Ngati ndi ya pa kamera ya 25, bwererani ku Advanced display musinthe pulojekita ikhale 50 Hz, ngati nambalayo ikupezeka pamndandanda. Ngati ndi za pa foni, siyani 60 Hz. Zotsalazo zidzanjenjemera pang'ono, ndipo bola zikhale za anthu olankhula atakhala pampando kusiyana ndi za gule wa ku Mkaika.

Amene muli pa OBS Studio kapena vMix, pulogalamuyo ilinso ndi nambala yake imene zonse zimadutsamo. Mu OBS ili pa Settings, Video, Common FPS Values. Igwirizane ndi sikirini, 50 kapena 60, ngati laputopu ingakwanitse. Mukaisiya pa 30 n'kuikamo vidiyo ya 25, yachita yokha kulakwitsa kuja ndakuchenjezani.

Ngati muli ndi mwayi wolankhula ndi wojambula asanajambule, mwapeputsa ntchito yonse. Pa iPhone, mu Settings, Camera, Record Video, muli Show PAL Formats imene imatsegula 25, ndipo momwemo angazimitse Auto FPS ndi HDR Video. Mu Formats asankhe Most Compatible kuti ijambule H.264.

6. Konvetani ndi HandBrake

Tsegulani fayilo mu HandBrake, pulogalamu yokonvetera mavidiyo, musankhe preset (makonzedwe okonzeratu) ya Fast 1080p30 ngati poyambira, kenako musinthe izi. Pa Summary, Format ikhale MP4. Pa Dimensions, Cropping ikhale None, apo ayi imadula yokha m'mbali mwa mavidiyo akuda poganiza kuti ndi malire. Resolution Limit ikhale 1080p, kapena 720p ngati pulojekita ndi yaing'ono. Pa Video, encoder ikhale H.264 x264, osati ya 10-bit. Pa Framerate lembani nambala imene mwasankha pa sitepe 5, ndipo musankhe Constant Framerate, chifukwa preset ija imabwera itaikidwa pa Peak Framerate, imene imasiya vuto la Variable lili pomwepo. Apa ndi pamene ambiri amakonveta usiku wonse n'kupeza m'mawa kuti palibe chasintha. Quality ikhale RF 18 mpaka 20. Nambala ikatsika chithunzi chimakongola, fayilo n'kukula. M'bokosi la Advanced Options lembani keyint=25 pa vidiyo ya 25, kapena keyint=30 pa ya 30, kuti pakhale keyframe sekondi iliyonse. Ngati laputopu yoonetsera ndi yofooka kwambiri, chongani Fast Decode.

Sungani zimenezi ngati ma preset anu awiri, wina wa 25 wina wa 30, kuti musamabwereze. Ikani mafayilo onse pa Queue ndipo muyambitse pamene mukudziwa kuti malaiti akhalapo. MP4 imene yadukira pakati chifukwa laputopu yazima nthawi zambiri siitseguka n'komwe, mumayambiranso.

Okonda kulemba malamulo angachite zomwezo ndi FFmpeg:

ffmpeg -i yakale.mov -vf "fps=30,scale=-2:1080,format=yuv420p" -c:v libx264 -crf 19 -g 30 -c:a aac -b:a 256k -ar 48000 yatsopano.mp4

Pa ya 25 sinthani 30 onse awiri akhale 25. Mzere umenewu sukonza mitundu ya HDR.

7. Mitundu yofwifwa ndi mavidiyo oimirira

Mafayilo aja munaika chizindikiro cha HDR, mukangowakonveta osasamala, amatuluka otuwa ngati ajambulidwa m'chifunga. Chitenje chofiira cha amayi a chigwirizano chimaoneka ngati chachapidwa zaka zambiri. Mu HandBrake pitani pa Filters, pa Colorspace musankhe BT.709. Konvetani kaye kachidutswa kakang'ono muone khungu la anthu musanapereke fayilo yonse.

Vidiyo yojambulidwa foni itaimirira musaikoke kuti idzaze sikirini, anthu amafupika n'kunenepa. Isiyeni pakati ndi mdima mbali zonse. Pa Dimensions, pansi pa Borders, mungaike malire akuda kuti fayilo ituluke yopingasa, zimene zimathandiza pa ma TV ena amene amakoka chithunzi okha.

8. Mawu

Pa Audio sankhani AAC, Stereo, 48 kHz, ndi bitrate ya 192 kapena 256. Kenako valani mahedifoni mumvetsere khutu lililonse palokha. Wojambula akabaya maikolofoni imodzi ya pakolala mu kamera, mawu nthawi zina amalowa kumanzere kokha. Pa laputopu simungazindikire, koma ngati waya wopita ku mikisa ukutenga mbali ya kumanja yokha, abusa adzayamba kulankhula pa sikirini holo yonse ili zii. Mu HandBrake, pa Mixdown, sankhani Mono Left Only kapena Mono Right Only malinga ndi kumene mawu ali.

Mavidiyo ochokera kwa anthu osiyana samveka mofanana. Ina ndi yonong'ona, yotsatira ikugwedeza masipika. Mungakweze yotsikayo ndi Gain mu HandBrake, kapena lembani papepala kuti pa fayilo yakuti wa pa mikisa akweze kapena atsitse. Dziwaninso kuti Windows imakonda kusamutsira mawu ku HDMI mukangolumikiza pulojekita, ndiye onani kumene mawu akutulukira musanadzudzule fayilo.

9. Mayina ndi posungira

Tchulani mafayilo motsata pulogalamu ya tsikulo: 01_kulandira, 02_mbiri_ya_banja, 03_uthenga_wa_agogo. Akale aja muwachotse mufoda imeneyo, chifukwa pa changu dzanja limagwera pa yolakwika. Onetsani kuchokera pa SSD ya laputopu, osati pa fulashi. Fulashi ikhale yosungira zapadera, ndipo ngati ili pa FAT32 siilandira fayilo yoposa 4 GB ngakhale malo alipo ambiri. ProRes 422 imafika pamenepo mphindi zisanu zisanakwane. Isintheni ikhale exFAT, mutakopera kaye zimene zilimo. Koma ngati mudzabaya kuseri kwa TV, yesani kaye, ma TV ena akale amangowerenga FAT32.

10. Yesani pa makina enieniwo

Kuyesa pa kompyuta imene mwakonvetera sikuwerengedwa. Yesani pa laputopu ya tsikulo, pulogalamu ya tsikulo, waya ndi pulojekita za tsikulo, chaja ili m'magetsi, chifukwa malaputopu ambiri amachepetsa mphamvu akakhala pa batire. Zimitsani Wi-Fi kuti Windows isayambe kudzikonza pakati pa mwambo, ndipo muike kuti isagone yokha.

Fayilo iliyonse ioneni kuyambira poyamba mpaka pamapeto, kamodzi kokha n'kokwanira. Milomo muiyang'ane kumapeto, pa mawu okhala ndi p, b kapena m pamene milomo imatsekeka, kapena pamene wina waomba m'manja. Tsegulani Task Manager ya Windows muone CPU, nambala yosonyeza mmene pulosesa ikulemedwera. Ikamakhala pafupi ndi 100 m'chipinda chozizira, m'tenti ya mu Okutobala idzakugwetsani. Tsitsani fayiloyo ku 720p. Ngati mudzakhala pa jenseti, mvetserani ngati masipika akung'ung'udza chaja ikalowa, ndipo ngati akutero pemphani DI box, kabokosi koikidwa pakati pa laputopu ndi mikisa kothandiza kuchotsa kung'ung'udzako, kwa a zokuzira mawu.

Patsala munthu uja amene amafika mwambo uli pafupi kuyamba, foni kapena fulashi m'manja, nati a tcheyamani anena kuti iyinso ionetsedwe. Musaiike pa sikirini musanaione. Itseguleni mu MediaInfo. Ngati ndi AVC, 8-bit, yosaposa 1080, iyeseni mu VLC pa sikirini ya laputopu, mahedifoni ali kukhutu, ndipo ikayenda iikeni pamndandanda. Ngati ndi HEVC kapena 4K, ikonveteni pa laputopu ina, osati imene ikuonetsa, ndi preset ya Very Fast 720p30, Framerate mutaiika pa Constant, ndipo muwauze a MC aisunthire kumapeto kwa pulogalamu.